Madzi Othowera Felista

Chaka chimene thonje linatikana ndi chimene ndinaganiza zopita ku Joni. Tinalima ndithu kwathu kuno ku Utale, ine ndi amayi anga aNangozo, kupopera mankhwala mpaka mapewa kufuna kuthothoka, koma mvula inadula msanga, ndipo kathonje kamene tinatola ogula anakayang'ana monyoza. Bambo wa mwana wanga n'kuti atapita kale kwawo kukakhuza maliro, maliro ake osatha mpaka lero. Ndinatsala ndi Felista, kamtsikana kongosiya kumene kuyamwa, kopanda ndi delesi lomwe lopitira kutchalitchi. Ndiye mnzanga wina amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban atabwera kudzadya Khirisimasi, nkhope ili pherephethe, anandiuza kuti, "Rozina, chaka chimodzi chokha wamanga ya malata." Ine ndinameza zonse osatafuna.

Amayi sanandiletse. Iwo si munthu wonyengerera, akafuna kukuuza chinthu amangokuponyera. Anati, "Pita. Koma udziwe kuti mwana sadikira munthu, amangokula."

Tsiku lonyamuka ndinamubereka Felista kuchokera kunyumba mpaka kumsewu. Anagona panjira, kamutu kali pakati pa mapewa anga. Galimoto itaima ndinamasula chitenje pang'onopang'ono, n'kumusamutsira kumsana kwa amayi ali m'tulo. Sanadzuke. Ndinakwera msana wanga ukadali wofunda.

Chaka chimodzi chija musandifunse kumene chinathera. Malata anagulidwa, kenako panafunika simenti, kenako feteleza, kenako fizi, kenako njala inagwa, ndipo chaka chilichonse chinkabwera ndi chifukwa chake chondiuza kuti khala kaye. Ndinkatumiza. Pa zimenezo palibe angandiloze chala: mabulangete, nsapato, mapoto, ndalama mwezi ndi mwezi ngakhale ine ndikugonera tiyi ndi buledi. Ulendo woyamba umene ndinabwera kudzacheza ndinapeza Felista atayamba sukulu. Anabisala kuseri kwa agogo ake, kenako n'kusuzumira, n'kufunsa kuti, "Amayi, achemwali a ku Joni aja ndi amenewa?" Pakhomo ponse panaphulika chiseko. Inenso ndinaseka nawo, nanga n'kutani? Nditatha kuseka ndinapita kumunda wa nandolo, n'kukalira mpaka maso kutupa.

Dzinalo linakakamira. Agogo ake ndiwo anali amayi, ine achemwali. Anakula nalo, anatha nalo msinkhu, ndipo ngakhale mafoni oonana nkhope atabwera, moni wake anali yemweyo: "Muli bwanji achemwali? Katundu uja tinalandira, zikomo." Ulemu anali nawo mwanayo, koma ulemu wake unali umene umapatsa mlendo. Chimene ndinkafuna ine zaka zonsezo, kuposa malata, kuposa chilichonse, chinali chakuti tsiku lina adzatsegule pakamwa n'kunditchula chimene ndili.

Pano ndikukamba izi nditakhala pampando wa msana wowongoka, kachitenje kopindidwa kali m'chiuno kumbuyoku. Pamphasa sindikhalitsa. Munthu akandiitana cha kumbali ndimatembenuka thupi lonse ngati ngolo. Zimenezi ndinazitola m'nyumba yomaliza imene ndinagwiramo, kwa adona ena okalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Anali munthu wabwino, osakalipa, ankandiitana Rozi, koma abale, kulemera kwake! Ntchito yanga inali kuwadzutsa pabedi, kuwaika pampando wa matayala, kuwatsitsira mosambira, kuwavuula, kuwabwezera. Ndipo iwo pofuna kundithandiza ankakoleka dzanja lawo lamoyo lija m'khosi mwanga, thupi lonse n'kulendewera pamenepo. Tsiku ndi tsiku, zaka. Ndikaweruka ndinkalowa m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, n'kukhala chowerama pa foni, kuyang'ana zithunzi za Felista zimene ndinali nditaziona kale kambirimbiri. Lamulungu lina linkatha osalankhula Chichewa ndi munthu aliyense. Ndinkadzilankhulira ndekha pochapa, kudzifunsa n'kudziyankha, kuti lilime lisaiwale.

Ululu unayamba ngati kugonera khosi. Ndinati zitha. Kenako unatsikira paphewa lamanja, n'kumayenda ndi mkono wonse ngati wagwira waya wa magetsi, mpaka kukafika kuchala chachikulu ndi chamkombaphala. Ndikayetsemula, mayo ine! Ndikayang'ana kumwamba poyanika zovala, moto. Msana nawo unati usatsale, unayamba kundigwira m'chiuno ndikawerama. Patapita miyezi zala zija zinachita dzanzi losachoka. Batani kulephera kumanga, singano osaimva pakati pa zala.

Kuchipatala ndinkaopa. Pasipoti yanga inali itatha masiku kalekale, ndipo tonse a ku Malawi tinkaopsezana kuti ukakalembetsa dzina mawa lake uli m'galimoto ya apolisi. Ndiye ndinkangomeza mapilitsi ogula m'sitolo mpaka m'mimba kuyamba kuotcha, n'kumapaka mafuta onunkha aja. Chinandiulula ndi kapu. M'mawa wina ndikuwapatsa tiyi adona, kapu inangochoka yokha m'dzanja langa, phwa! pansi, ine osamva n'komwe kuti yachoka. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo. Ndinati ntchito yatha lero. Koma iye anangondiyang'ana, n'kundiuza kuti nditenge juzi, tipite.

Ananditengera kwa dokotala, ndipo dokotalayo atandiunika ananditumiza kwa mayi wina wa mafizo. Mayiyo anandionetsa mafupa apulasitiki a khosi la munthu, osanjikizana, pakati pake pali tinthu tofewa. Anati kamodzi mwa tinthu timeneto kafinyika n'kutuluka pambali, ndiye kakupanikiza mtsempha umene umapita kumkono. "Dzanja lako lilibe mlandu," anatero, "nkhani ili m'khosimu." Anandiphunzitsa kukokera chibwano kumbuyo pang'onopang'ono ngati nkhuku yodabwa, kukokera mapewa kumbuyo, kugona chagada kathaulo kopindidwa kali pansi pa khosi m'malo mwa pilo wamkulu, kutola chinthu pansi popinda mawondo osati msana, kuyenda tsiku lililonse m'malo mongogona, ndi kuika nsalu yofunda pakhosi minofu ikalimba. Anandipatsa chikolala chasiponji choti ndizivala kanthawi kochepa ululu ukakula kapena paulendo, osati tsiku lonse. Anandichenjezanso kuti ndikadzaona mkono ukufookeratu, miyendo ikugwedera, kapena mkodzo ukutuluka wokha, ndisadzadikire mawa. Pomaliza anandifunsa ngati kwathu timasenza katundu pamutu. Nditavomera anagwedeza chala: "Zimenezo watsanzikana nazo."

Ndinasekera m'mimba. Mkazi wa ku Utale osasenza? Nanga mutu ndi wa chiyani?

Mafizo aja anandithandiza, bodza n'loipa. Magetsi a mumkono anachepa, tulo ndinayamba kuliona. Adona aja ana awo anawagulira lamba wowanyamulira kuti asamandikolekenso m'khosi. Koma dzanzi la zala ziwiri zija linatsala, limachepa n'kubwereranso. Kumudzi sindinanene. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma wa ku Joni satsekula, amawonjezera loko. Ukanena kuti ukudwala, anthu amene akudya chifukwa cha iwe sagona tulo. Ndiye foni ikalira ndinkavula chikolala msangamsanga, kuchiponya kuseri kwa bedi, kupaka milomo, n'kuyankha ndikumwetulira kuti kuno kuli bwino zedi.

Ukwati wa Felista ndinauonera pa foni. Anakwatiwa ndi mnyamata wogula ndi kugulitsa nsomba za ku Chiuta, wa kwa Kawinga ku Machinga, n'kusamukira komweko. Delesi ndinatumiza ndine, koma amene anamuveka ndi ena. Za pakati sanandiuze yekha, ndinamva kwa amayi. Anaimba masana ena, mawu ali okwera monga mwa nthawi zonse, poti iwo amakhulupirira kuti Joni ndi kutali ndiye uyenera kukuwa.

"Mwana wako watopa! Miyezi yatsala yochepa. Ine manja angawa akalamba, kaya adzamuthowa ndani!"

Anadula foni osadikira yankho. Ine ndinatsala nditaima pakati pa khitchini ya eni ake. Kwathu mkazi akachira, masiku a m'chikuta aja, mayi wake ndiye amamufunditsira madzi m'mawa ndi madzulo, kumulowetsa kubafa, n'kumamuthowa ndi nsalu yotentha msana, chiuno ndi mimba, kuti thupi libwerere m'malo mwake. Ndi ntchito ya mayi. Ine amayi anandithowa nditabereka Felista, ndipo manja awo ndimawakumbuka mpaka lero. Zonse za mwana wanga ndinazichita potumiza, koma ichi chokha sichikwera basi. Ndinadziuza kuti ndikaphonya apa, ndidzafa ndili achemwali.

Adona aja n'kuti ana awo akukonza kale zowapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ndiye kutsanzika sikunavute. Analira, inenso ndinalira. Basi yobwerera ndinaimva m'fupa lililonse, chikolala chili m'khosi njira yonse, koma titayandikira Balaka ndinachivula n'kuchikwirira pansi pa chikwama. Padepoti anyamata a njinga zamoto anandizungulira. Poganizira mabampu a msewu wa kwathu ndinakana, n'kuchita hayala kagalimoto. Apo ndiye ndinayambira kulakwa. Ndisanatsike n'komwe mbiri inali itafika kale kuti Rozina wabwera ndi matama.

Ndipo zonse zimene ndinkachita zinkawachitira umboni. Munthu akandipatsa moni ndili panjira, ine kutembenuka thupi lonse mochedwa, ati akudzimva. Pamaliro kupempha mpando, ati mphasa ikumudetsera zovala. Ndinagula wilibala yoti ndizitengera zigubu kumjigo, ndiye tsiku lina ndikuchoka ndinamva mayi wina akuuza anzake, mosabisa n'komwe, kuti, "Mutu wa ku Joni ndi wa wigi, si wa ndowa." Anaseka mpaka kuombana m'manja. Zinandiwawa, koma ndinati bola aziti ndine wonyada kusiyana n'kuti aziti anapita wamoyo wabwera chilema, zaka zonsezi phindu lake n'limeneli.

Uthenga utabwera woti Felista wachira, mwana wamwamuna, tinanyamuka ndi amayi m'mamawa: Balaka, Liwonde, kukwera mapiri aja mpaka pa Ntaja, kenako msewu wafumbi wolowera kunyanja. Anatilandira ndi apongozi ake a Felista, Abiti Saidi, mayi wamfupi wamaseko, mpango uli kumutu, pakhomo ponse pakununkhira nsomba zowamba. Anandigwira manja onse awiri, akundiitana monga amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana. "Asewere, takulandirani! Tinkangokumvani ngati wailesi." Anatilowetsa m'chipinda. Felista anali atagona pamatiresi, kamwana kali pambali. Ataona agogo ake nkhope inawala: "Amayi, mwabwera!" Kenako anandiona ine, n'kukonza chitenje chake. "Mwayenda bwanji, achemwali?"

Abiti Saidi ndiwo anali atamuthowa chitulukire kuchipatala, ndipo anati alibe vuto kupitiriza. Felista anati iyayi, poti amayi afika amuthowe ndi amayi, akuloza agogo ake. Koma aNangozo anakaniratu. "Ine ndathowa anthu okwana. Wakubala ndi uyu, wachoka ku Joni chifukwa cha ntchito imeneyi. Mawa m'mawa akuthowe." Felista anangoyang'ana kukhoma, ndipo kwathu kukhala chete koteroko timakutenga ngati kuvomera.

Kutacha ndinali woyamba kudzuka. Ndinakoleza moto ndekha, kutereka madzi ndekha, osalola munthu kukhudza. Atawira ndinawathira m'beseni kubafa la udzu kuseri kwa nyumba, n'kuthirako ozizira. Ndinaviika zala kuti ndimve. Zala zake ziti? Zomwe zija, za dzanja lamanja, poti ndi limene munthu umatsogoza osaganiza. Zinandiuza kuti madzi ngofunda chabe. Ndinati mwana wanga sangathowedwe ndi madzi ozizira ngati wamasiye, n'kuwonjezera otentha. Ndinaviikanso, zikuti akadali pomwepo. Ndinawonjezeranso, n'kuviika kachitatu. Nthunzi inkakwera ndithu, koma kunali kachisanu ka m'mawa, ndinati n'chifukwa chake.

Felista analowa akuyenda pang'onopang'ono, n'kukhala pakampando, kundipatsa msana. Anatsitsa chitenje. Abale, msana wa mwana wanga! Ndinali ndisanauone chiyambire ali kamwana kosambitsidwa m'beseni. Kabala kamene anabadwa nako pansi pa phewa kanali pomwepo. Dzanja lamanzere ndinamugwira nalo paphewa, lamanja ndinatola nalo nsalu m'madzi muja. Kufinya bwinobwino sindikanatha, zala zilibe mphamvu, ndiye ndinaiika pamsana pake ikuchucha.

Kukuwa kwake sindidzakuiwala. Anadzambatuka, kampando kugwera uko, beseni kutayika theka.

"Mayo! Mwandiotcha! Amayi! Amayi, bwerani!"

Sankaitana ine. Ndinaima ndi nsalu m'manja, osamvetsa chimene chachitika, kwinaku pamsana pake pakufiira ndikuona. Amayi ndi Abiti Saidi analowa akuthamanga. Abiti Saidi sanafunse zambiri, anatenga ndowa ya madzi ozizira n'kuyamba kumuthira pamsanapo, kuthira, kuthira, osalekeza. Felista, misozi ili mbwembwembwe, anandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chifikireni.

"Munabwereranji? Mukanangotumiza ndalama ngati kale."

Mawu amenewo anandilasa kuposa ululu wonse umene khosi linandionetsapo. Ndinatuluka. Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, khosi likuyaka chifukwa cha kuwerama kuja, mkono ukuthamanga magetsi, ndipo ndinati basi, ndayesa, ndalephera. Ndinayamba kuganiza za basi ya ku Joni, kuti mwina kuli adona ena ofuna munthu.

Patapita kanthawi anabwera Abiti Saidi kudzandiuza kuti sanapse kwambiri, pangofiira, padzapola. Anakhala pambali panga n'kundigwira dzanja kuti andipepese. Atangoligwira anakuwa.

"Asewere! Zala zanuzi mwaziona?"

Ndinayang'ana. Chala chachikulu ndi chinzake chija zinali psuu, matuza atayamba kale kutukuka. Zinapsa kuposa msana wa Felista, poti izo zinaviikidwa katatu konse. Ine osamva kanthu.

Abiti Saidi anandikokera kukhonde ngati mwana, kuviika dzanja langa m'madzi ozizira, akuitana amayi. Felista anali atakhala pakhomo la chipinda, nsalu yonyowa ili kumsana. Amayi anandigwira dzanja, kulitembenuza uku ndi uku.

"Sunamve?"

"Iyayi."

"Chinayamba liti?"

Apo loko uja anathyoka. Ndinanena zonse: za adona olendewera m'khosi, za kapu, za mayi wa mafizo, chifukwa chake cha wilibala ndi mpando wa pamaliro. Ndinatuma dzanja lamanzere m'chikwama n'kutulutsa chikolala chija, chakuda ndi thukuta la m'basi, n'kuchiika pamphasa kuti aliyense achione. Ndinkayembekezera kuti amayi alira kapena andikalipira. Iwo anangoti "Hm!" n'kupinda dzanja la bulauzi yawo.

"Iwe Rozina, maso uli nawo? Unandionapo ine ndikuyesa madzi ndi zala?"

Ndinaganiza. Ndipo ndinawaona m'maganizo, zaka zonse zimene ndinkabwera kudzacheza, atawerama pabeseni, akuviika chigongono. Ndinkayesa ndi kachitidwe kawo chabe.

"Zitatu izi zinagona kalekale," anatero akutambasula zala zawo. "Felista asanayambe sukulu. Thumba la thonje pamutu, iye kumsana, khasu m'manja. Usiku khosi limachita kundiimbira nyimbo. Ukuganiza ndinakaniranji kumuthowa? Nsalu sindingaifinye ine."

"Bwanji osandiuza, amayi?"

"Iwe unandiuza?"

Abiti Saidi anaseka mpaka kutsokomola. Nawonso anapinda dzanja la malaya awo. Anati iwo chinawapha ndi madengu a nsomba, kuchoka nawo kudoko wapansi mpaka kumsika kuyambira ali mtsikana. "Kuno akazi tonse a msinkhu wathu madzi timayesa ndi chigongono, asewere. Timangoti ndi nyamakazi, ndi ukalamba. Inu mwachita mwayi mwakamva dzina lake."

Ine ndinkayesa ndabwera ndi matenda achilendo, ochititsa manyazi, otola kwa azungu. Kutereku kwathu analipo kale, nyumba ndi nyumba, pansi pa nkhata iliyonse, kungoti sanenedwa. Zaka zonse zija ine ndinkabisa chikolala kuseri kwa bedi, amayi naonso ankabisa dzanja lawo kuseri kwa chitenje, tonse tikumwetulirana pa foni kuti kuno kuli bwino zedi. Ndinawatumizira mabulangete osawerengeka amayi anga, osawafunsapo ngakhale kamodzi kuti kodi mukagona pamawawa ndi pati.

Titabwerera kwathu, amayi ndinawatengera kuchipatala ku Balaka, akukana njira yonse, ndipo anawaunika n'kuwapatsa mafizo awo. M'mawa uliwonse timakhala pakhonde kukokera zibwano kumbuyo, iwo akudandaula kuti ndawasandutsa nkhukundembo pa ukalamba wawo. Nkhata yawo yakale ija tinaimasula, tinaipinda motalika, ndiyo amagonera pansi pa khosi. Wilibala ija siigona pakhomo. Woyamba kudzaibwereka anali mayi wa wigi uja, ndipo pobweza anaima pang'ono, akusisita phewa lake, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Zija mumachita ndi chibwanozi, zimathandizadi?" Khosi langa silinachire, ndisaname. Pali masiku abwino, pali masiku oti ndimagona chagada kuwerenga malata amene ndinagula. Koma ndikudziwa kukhala nalo.

Tsiku la matuza lija Felista anamva zonse ali pakhomo paja, anayang'ana chikolala, anayang'ana zala zanga, n'kulowa kukayamwitsa mwana. Madzulo anamuthowa ndi Abiti Saidi, mozemba pamene panafiira paja. Ine ndinakhala kutali. Sindinayembekezere kanthu, poti kumvetsa chifukwa chimene munthu wakuotchera sikuchotsa kuwawa kwake.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndi dzanja lamanzere, zala zamanja zitamangidwa kansalu, ndinamva Abiti Saidi akuti madzi afunda. Kenako mawu a Felista kuchokera kubafa, osatchula dzina la munthu: "Auzeni abwere."

Ndinalowa mwamantha. Beseni linali pakampando kena kuti ndisawerame kwambiri, kaya analiikapo ndani. Ndinapinda mawondo, n'kuviika chigongono. Anali bwino. Felista naye anaviika dzanja lake, n'kugwedeza mutu. Nsalu ankafinya yekha n'kumandipatsa, ine n'kumaiika ndi dzanja lamanzere, m'chiuno, m'mbali, pamapewa, kudinikiza pang'onopang'ono monga ankachitira amayi pa ine. Ndinkangomva msana wake ukumasuka pansi pa dzanja langa, ndipo misozi yanga inkagwera m'beseni momwemo.

Titatha anamanga chitenje chake n'kuimirira. Ndinati nditenge beseni ndikataye, koma anandigwira mkono.

"Madzi akadali ofunda. Khalani apa."

Ndinakhala pakampando paja. Ananditsitsa bulauzi pamapewa, kuviika nsalu, kuifinya, kuiyesa patsaya lake, kenako n'kuiyala pakhosi panga. Kufunda kwake kunalowa mpaka m'fupa. Zala zake zinayamba kufufuza pang'onopang'ono m'mbali mwa khosi.

"Ndi apa?"

"Kumunsi pang'ono."

"Apa?"

"Pomwepo."

Anadinikiza mofatsa. Kenako anati, "Akatentha munene, amayi. Musangokhala chete."

Ndinatembenuka thupi lonse, poti khosi silitembenuka, kuti ndione ngati aNangozo alowa. M'bafamo munalibe munthu wina. Tinalimo awiri.